Kandege Kanu Ndinakatsuka, Ababa

Patha chaka chitisiyireni, Ababa. Lero posesa kuchipinda kwanu ndapeza kandege kankhondo kaja munasema nokha. Munakapaka penti wobiriwira, kenako n'kumakakanda ndi msomali, kupaka mwaye kumapiko ndi dothi lofiira kumatayala. Ine ndinkangoona uve. Tsiku lomwe akuchimuna ankachokera ku Muloza kudzakamba za chinkhoswe changa, ndinakatsuka ndi sopo n'kukapaka penti wabuluu wotsala pachitseko, kuti alendo asatiseke. Mutabwera kumunda munakatembenuzatembenuza m'manja, n'kungoti, "Mwanangu, ndege imene inatidutsa pamutu tikuthawa nkhondo kwathu ku Mongue, iwe uli kumsana kwa amako, sinkawala chonchi." Ine ndinayankha mwamwano kuti nkhondo inatha kalekale.

Simunakagwirenso kandegeko mpaka kumwalira. Lero ndapala buluu uja ndi mpeni, mwaye ndatenga kukhitchini, koma sindikudziwa popaka, poti sindinakufunseni olo tsiku limodzi. Manyazi andigwira, Ababa. Ndinkati ndikuchotsa litsiro, chonsecho ndikufufuta zimene maso anu anaona. Mundikhululukire komwe muliko.