Chigwinjiri cha m'sitima yomira

Ndinali ndi zaka khumi pamene boma linasamutsa adada kuchoka ku Zomba kubwera ku Lilongwe. Anali kalaliki ku Capital Hill, ndipo tinapatsidwa nyumba ku Area 15, yonunkha penti, fumbi lofiira likulowera pansi pa chitseko. Amama ankaisesa ngati tchalitchi. Tonse tinkadziwa kuti nyumbayo inali ya ntchito, ndipo ntchito ikangotha makiyi amabwezedwa.

Kwathu ndi kumpoto, kunyanja. Agogo anga, amayi awo a adada, sindinawaonepo. Anamira ndi sitima adada ali mwana, ndipo mtembo sunapezeke. Achibale anachita mwa mwambo: anakulunga thunthu la nthochi munsalu n'kuliika m'manda. Nkhaniyi ndinkaidziwa ndi makutu okha, mumtima inali isanafike.

Pa Khirisimasi yathu yoyamba mumzindawu, bwana wa adada, mzungu amene anabwera kudzathandiza kumanga likulu, anaitana antchito ake ndi mabanja awo kunyumba kwake kumayadi. Titadya mabisiketi pakapinga, anatilowetsa m'nyumba kuti tione zimene ankanyadira. Munthuyu akakhala patchuthi ankapita kunyanja, n'kubereka mabotolo a mpweya kumsana, n'kutsikira pansi pa madzi kukayendayenda m'sitima yomira. Pashelefu panali zimene anatolako: kapu yachitsulo, loko wadzimbiri, nsapato ya mwana. Pakhoma panali zithunzi, ndipo china chinkaonetsa mafupa a munthu atatsamira benchi.

Azimayi ambiri sankamva Chingerezi, choncho bwana anauza adada kuti azimasulira. Adada anaima pamenepo, tayi pakhosi, manja kumbuyo. Bwana atatchula dzina la sitimayo, ndinaona amama akuweramitsa mutu. Inali yomweyo imene inapita ndi agogo.

"Akuti pansipo ndi pokongola kwambiri," adada anamasulira. "Akuti eni ake akadali momwemo, koma savutitsa alendo."

Bwana anaseka, ndipo anthu anasekako pang'ono poti bwana waseka. Kenaka anatenga chigwinjiri chamkuwa pashelefupo, anayang'ana ana tonse, n'kusankha ine. Anandiveka yekha padzanja. Chinali chozizira.

"Akuti anachivula pafupa la mkono," anatero adada, maso ali pakhoma. "Akuti ndi mphatso yako. Thokoza."

Ndinagwada n'kuthokoza, ndipo ndisanamizire, ndinakondwa. Mwa ana onse aja mzungu anaona ine! Njira yonse yobwerera ndinkagwedeza dzanja kuti anzanga achione bwino.

Titafika pageti, adada anati ndisalowe. Amama anatulutsa ndowa ya madzi kuti andisambitse panja, monga amachitira anthu pochokera kumanda. Adada anatambasula mpango wawo wa m'thumba.

"Vula, uike apa."

"Ndi changa. Andipatsa ine."

Mbama imene inatera patsaya panga inali yoyamba kuchokera kwa adada, ndipo sinabwerezedwenso. Khutu linalira. Koma ine ndinabadwa ndi pakamwa, moti ndikulira choncho ndinawafunsa: "Nanga bwanji simunakane kwa bwana wanu? Si ndinu munati ndithokoze?"

Adada analoza nyumba ija ndi chibwano n'kunena kuti, "Ukufuna ukagone kuti?"

Amati nkhuyu zodya mwana zipota wamkulu. Kwathu tsiku limenelo nkhuyu anadya wamkulu, wopotedwa n'kukhala mwana. Ndinawasungira adada chakukhosi zaka zambiri. Ndinkawaona m'mawa uliwonse akupukuta nsapato kuthamangira basi ya antchito, ndipo mumtima ndinkati ndi amantha, olimba mtima pa mwana wamkazi yekha.

Atapatsidwa tchuthi chaka chotsatira, anatenga mpango uja kupita nawo kumudzi. Anaitana akuluakulu ndi abusa, anakumba pambali pa mtumbira wa agogo, n'kukwirira chigwinjiricho. Amama anawafunsa ngati anali ndi chitsimikizo kuti chinali cha amayi awo. Anayankha kuti sakudziwa, poti azimayi onse a nthawi imeneyo ankavala zotero. "Ngati si cha amama, ndi cha amayi ake a wina," anatero.

Bwana uja ntchito yake itatha anapakira katundu wake m'mabokosi, nsapato ya mwana ija n'kuwoloka nyanja zikuluzikulu. Anapita osadziwa chimene anachita, poti panalibe amene anamuuza. Adada atapuma pantchito, nyumba ija tinaituluka ndithu, makiyi tinabweza.

Lero ndine wamkulu kuposa mmene adada analili tsiku lija. Ndikudziwa tsopano kuti mbama ija inali ndi mwini wake, koma mwini wakeyo anali atagwira denga lathu m'manja, ndiye inagwera amene anali pafupi. Adada ndinawakhululukira mochedwa, atagona kale. Mzungu uja sindinamukhululukire. Chimene chimandiwawa kwambiri si mbamayo ayi. N'chakuti munthu anaumirizidwa kumasulira m'chinenero chathu nthabwala yonena za mafupa a amayi ake, kenaka n'kuuza mwana wake kuti athokoze. Ndipo ine ndinagwada, n'kuthokoza ndi mtima wonse.