Dzina Limene Mkulu wa Mpingo Anatchula

Lero ndinalowa mu ofesi ina ku Ginnery Corner, ndipo fungo la polishi wofiira wa pansi linandikumbutsa tchalitchi chathu cha ku Chigumula.

Ndinali mu Sitandade 4. Lamulungu limenelo tinali titangotha kunena Chikhulupiriro, ine ndikutafuna mawu aja oti "Eklesia" osadziwa kuti akunena ifeyo. Kenako mkulu wa mpingo anaimirira, pepala lili m'manja. Anati akuluakulu agamula zodula mkhristu wina pa mgonero, chifukwa ali ndi mkazi wachiwiri ku Limbe komanso ana awiri. Ndinasolola khosi kuti ndimuone munthu wake.

Anatchula dzina la bambo anga.

Kumbali ya amuna, bambo anaimirira pang'onopang'ono atazolika, atavala jekete imene mayi anawasitira m'mawa womwewo. Benchi inalira. Maso a mpingo wonse anagwera pa ife, osati pa iwo.

"Amayi, ana akewo ndi ati?" ndinanong'ona.

Mayi anandifinya dzanja mpaka zikhadabo zawo zinandilowa.

"Tseka pakamwa. Tsegula buku la nyimbo."

Wotsogolera nyimbo asanayambitse n'komwe, mayi anayamba kuimba okhaokha.