Beseni la chinangwa ku Chia

Nditatengedwa chitengwa ku Chia, ntchito imene inkandichititsa manyazi inali yosenza chinangwa chovuula m'madzi. Chinangwa choviika chimalemera koopsa. Ine ndinkayamba ndagwedeza beseni kuti ndimve kulemera kwake, kenako n'kumayang'ana uku ndi uku kufuna wonditwika.

Tsiku lina kumadziko tinalipo awiri, ine ndi amayi a amuna anga, amene msana unkawavuta. Atandiona ndikugwedeza beseni anati, "Apongozi, mukamaligwedeza choncho ndiye kuti mwauza kale thupi lanu kuti simungathe. Ikani nkhata, mutsimikize mumtima kuti likufika pamutu, ndipo mulikweze ulendo umodzi."

Ndinapsa mtima, koma ndinagwada bondo limodzi. Ndinakoka mpweya, n'kulikweza pabondo, kenako pamutu, osalola ganizo lina kulowerera. Madzi onunkha aja anatsikira m'khosi, koma sindinatule mpaka kunyumba.

Lero imvi zayamba, ndipo mabeseni ena amandikanadi. Koma amandikana nditawakweza kale m'mwamba. Sindilola kuti andikane adakali pansi.