Makiyi a Mayi Velika

Mayi Velika Doneva anabadwira mumsewu wathu wa Ofufuta Zikopa, ndipo anagwira ntchito pafakitale ya ulusi mpaka tsiku limene inatsekedwa. Kuyambira pamenepo anthu anayamba kusamuka m'tauni yathu ino ya ku Bulgaria, ena ku Spain, ena ku Germany. Aliyense pochoka ankawasiyira makiyi. "Azakhali, muzitiyang'anirako nyumba, tibwera chaka chamawa." Koma sankabwera.

Ine ndimagulitsa buledi pakona, choncho zonse ndinkaziona. Akhonsolo atalengeza kuti msewu wathu ndi wa mbiri yakale, kunabwera amisiri. Anapaka penti kumaso kwa nyumba, anayala miyala mumsewu, anaimika nyale zokongola. M'kati madenga ankadonthabe. Kenaka akhonsolo anapempha mayi Velika kuti m'mawa uliwonse azitsegula mawindo a nyumba zopanda anthuzo ndi kuthirira maluwa, alendo asamaone ngati afika kumanda.

Anavomera. Ankayenda khomo ndi khomo, makiyi akulira m'thumba la epuloni, akupereka moni kwa eni nyumba ngati alimo.

"Mutu wayamba kusokonekera kodi, azakhali?" ndinawaseka tsiku lina.

"Iwe Zlatko, wosokonekera ndiwe. Buledi yenseyu ukuphikira ndani? Nkhunda?"

Mlendo wina wonyamula kamera anawafunsa kumene anthu apita. "Ali kuntchito," anayankha, n'kutembenukira kumaluwa msanga.

Chipale chofewa chimene chinaunjikana m'nyengo yachisanu chaka chimenecho chinathyola mtanda wa denga la miyala la nyumba ya mayi Velika. Anafuna kufolera ndi malata, koma lamulo linakana: nyumba yakale ikonzedwe mwachikale. Mmisiri wodziwa kuyala miyalayo anali atamwalira kalekale. Mayiwo anagona pansi pa pulasitiki mpaka chifuwa chinawagwira. Mwana wawo Nevena anabwera kuchokera mumzinda wa Valencia ku Spain kudzawatenga.

"Amayi, mukufuna kufera penti?" anatero Nevena, akulonga zovala.

Mayi Velika anatuluka m'nyumba. Anaoloka msewu, anaika makiyi onse patebulo langa, nandigwira dzanja kwa nthawi yaitali.

Ku Valencia anakhala m'nyumba yosanja, osamva chilankhulo, osadziwa woyandikana naye. Sanakhalitse. Nevena anabweretsa maliro kuno monga mwa pempho la mayi ake.

Tsiku loika, amuna amphamvu zonyamula bokosi tinaperewera. Tinaima pakhomo pa tchalitchi tikuyang'anana. Amisiri amene ankapaka laimu pakhoma, anthu obwera amene sankawadziwa n'komwe malemuwo, anatsika pamakwerero, anavula zipewa, natithandiza kukwera nalo bokosilo chitunda cha kumanda.