Njinga Imene Inatsogola

Ku Khuyu, pachilumba, pansi pa mlambe wa pamphambano, ndi pamene a Bartholomew anakonzera njinga kwa zaka makumi atatu. Lusoli analitenga ku Bulawayo ali mnyamata, ndipo komweko ndi kumene kunabadwira mwana wawo mmodzi yekhayo, Sipho. Maso atayamba kuchita nkhungu, ankayeza njinga ndi khutu. Ankagogoda felemu ndi sipanala n'kutchera khutu. Chitsulo chamoyo chinkalira ngati belu la ku tchalitchi. Chothetheka chinkayankha mosasa mawu.

Akazi awo, mayi Enelesi, anagona kwawo ku Yofu. Sipho sanafike pamaliro, pakuti anali kutali ku Cape Town, kumene amagwira ntchito m'sitolo ya njinga za mpikisano. Papita zaka zinayi tsopano. Mawondo a mkuluyo anakana ulendo wa ku Yofu, ndipo manda aja anamera tsekera.

Tsiku lina sitima inatsitsa katoni yaikulu yolembedwa dzina lawo. M'kati munali njinga yakuda bii, yosalala ngati mlamba, yopanda waya ngakhale mmodzi woonekera kunja. Anainyamula ndi zala ziwiri. Ataigogoda, inangoti phu, ngati chikho chouma.

Mlamu wawo Dinah, mng'ono wa malemu, anafika ali ndi dengu la chinangwa pamutu.

"Alamu, chimenechi n'chidole kapena njinga? Kaliyala ili kuti? Thumba la usipa mudzaliika pamphuno?"

"Iwe Dinah, sukuona? Mwana akubwera."

"Wanena?"

"Anenenji? Katundu amatsogola, mwini amatsata."

Umenewo unali mwambo wa amuna a pachilumba opita ku Joni ndi ku Halale. Munthu akafuna kubwerera, ankayamba watumiza bokosi, iye n'kufika ndi sitima yotsatira. Iwonso a Bartholomew pochoka ku Bulawayo anatsogoza makina osokera a Enelesi, amene anali atabwerera kale kumudzi ndi mwana, ndipo mayiyo atangowaona anayamba kuzira nyumba.

Choncho anasesa chipinda cha Sipho, nayanika mphasa padzuwa. Kenaka anakhala pansi n'kuganiza za mawu a Dinah. Njinga yopanda kaliyala ingamunyamule bwanji munthu wokalamba kupita ku Yofu? Iwo ankadziona atakhala kumbuyo, khasu lili m'manja, mwana akupalasa, awiriwo akukalambula manda a mayi ake.

Anafukula kaliyala yakale m'mulu wa zitsulo, naipala dzimbiri. Pa njinga yatsopanoyo panalibe bowo la bawuti ngakhale limodzi, ndiye anapinda kachitsulo kophwatalala n'kukazunguliza pa felemu. Anamanga monga ankamangira moyo wawo wonse: mpaka bawuti itakana, kenaka kuwonjezerako pang'ono.

Kunamveka thee, ngati phesi la chinangwa likuthyoka.

Atapapasa, chala chinakumana ndi mng'alu, m'mphepete mwake muli timaulusi takuda. Anayatsa moto wowotcherera, koma atangouyandikiza panatuluka fungo la ukonde wopsa, nazimitsa msanga. Aka kanali koyamba kuti njinga iwakanike. Anaifunditsa chitenje cha malemu, ndipo masiku atatu sanapite pansi pa mlambe. Mumtima ankati: mwana akamva kuti ndaononga chinthu chake, adzakweranso sitima?

M'mawa wa tsiku lachinayi Dinah anavundukula chitenjecho, naimba foni yake, nawapatsira m'manja.

"Lankhulani. Mukufuna adzaone yekha?"

"Sipho, mwanawe," anatero a Bartholomew, "ndakulakwira. Njinga yako ndaithyola."

Anafotokoza zonse, osabisa kanthu. Sipho anaseka, kuseka kwa mayi ake kwenikweni.

"Aa, bambo! Mwaimanga ngati ngolo? Si chitsulo chimenecho, ndi kaboni. Ndi ulusi woluka, woumitsa ndi guluu. Siwotchereredwa. Kuno zachitsulo zikutha, ena ayamba kale kuyesa ulusi wa zomera. Mawa mudzamva kuti njinga yamera m'munda."

"Ndiye sunakwiye?"

"Ndikwiyirenji? Ndi yanu imeneyo. Ndinasankha yopepuka dala, kuti musamavutike pokankha pamtunda."

A Bartholomew anayang'ana mphasa imene inali padzuwa.

"Yanga? Nanga iwe ufika ndi sitima iti?"

M'foni munkamveka magalimoto a dziko la eni.

"Chaka chino ayi, bambo. Ntchito yachuluka. Mwina chaka chamawa."

"Chabwino, mwanawe. Uzivala zofunda, kumeneko kumazizira."

Dinah analandira foni yake. Anapinda mphasa ija, nakaiimika kuseri kwa chitseko.

Patapita sabata, a Augustine, okhoma maboti a ku Mbungo, anabwera ndi nsalu ndi guluu zimene amamatira maboti obooka. Anakulunga pothyokapo mpaka panatupa ngati bondo la nkhalamba.

"Asakwerepo munthu pa iyi, achimwene," anachenjeza. "Koma khasu inyamula."

Loweruka m'mamawa anthu a ku Khuyu anaona a Bartholomew akutsika njira ya ku Yofu. Sanakwere. Anagwira mahandulo ndi manja onse awiri, atatsamira njingayo, ndipo inkawatsogolera mopepuka pakati pa miyala. Pakaliyala panali khasu lomangidwa ndi mphira. Anapuma kasanu panjira, nafika dzuwa lili pamutu.

Analambula tsekera yense, pang'onopang'ono, nakhala pamwala kupukuta thukuta. Njinga inali itatsamira mtanda.

"Enelesi," anatero, "mwana wanu watitumizira ndodo. Ndi yabwino ndithu, yopepuka. Kungoti siilira."