Katswiri wothira mchere

Ndikukumbukira kuti ndili mwana, kwathu kufupi ndi Njuli, ndinali ndi udindo umodzi wonyaditsa. Masiku angapo mwezi uliwonse amayi ankandiitana: "Iwe, tabwera udzathire mchere." Sindinkadziwa za mwambo woti mayi akakhala kumwezi sathira mchere m'ndiwo. Ine ndinkangoti aona luso m'manja mwanga.

Mu 1997, ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri, kuitana kuja kunatha. Ndinadikira mwezi, miyezi, zii. Nthawi yomweyonso ndiwo zinayamba kusokonekera: lero mchere wawawa, mawa sukumveka. Ndiye katswirine ndinasunga kachakukhosi.

Lamlungu lina anabwera amayi anayi a kutchalitchi, amene ankatuma amayi anga kuphika pa maukwati poti ankadziwika ndi dzanja labwino. Amayi anga anawaphikira nandolo wamuwisi. Nditalawa wanga pakhonde, ndinakweza mawu kuti onse amve: "Amayi, chisiyireni kundiitana, ndiwo zanu ndi mchere wokhawokha!"

Palibe anaseka. Mlendo wina anatsokomola. Amayi anangobisa manja m'chitenje.

Alendo atapita, azakhali, mlongo wa bambo, anandikokera kuseri kwa khitchini. Sanandimenye, ngakhale ndikanakonda akanatero.

"Wakamwa iwe, suzumira."

Ndinasuzumira pazenera. Amayi ankayesa kutapa mchere m'chitini ndi zala zitatu, koma zala sizinkakumana. Mfundo zake zinali zotupa ngati za nzimbe. Anayesa kawiri, kenaka anangopendeketsa chitini.

"Mayi ako akula," anatero azakhali. "Zija ankakuitanira zinatha, udzazimva ukadzameta ndevu. Tsopano m'mawa zala zimauma, usiku dzanzi. Chitenje amamanga mothandizira ndi mano. Iwe kuona ayi, koma kulawa."

Ukwati wotsatira amayi sanapite kukaphika. Anati anali ndi chimfine. Analibe.

Ndakula ndikuwerenga chilichonse chondigwera m'manja, ndi nyuzipepala zokulungira usipa zomwe. M'menemo ndinadzapeza kuti amayi ambiri akasiya kusamba, zala zimauma ndipo mphamvu yogwira imachepa. Ndamvetsa tsopano kuti chimene chinandichotsa ntchito n'chomwenso chinkawalanda manja, ndipo wolira ndinali ine.

Koma chimene chimandigwetsabe nkhope ndi cha m'mawa mwake mwa Lamlungu lija. Amayi anandiitana modekha: "Bwera uthire, katswiri." Ndinathira wambiri kuposa wawo. Anadya mbale yonse.