Mvukuto wa Atate M'nkhokwe

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwili, dziko litangolandila ufulu, pamene anthu a kanema anafika kumudzi kwathu kufupi ndi Minga. Sanali a boma, ndipo sankagulitsa kanthu. Linali bungwe la anthu odzipeleka. Ankayenda m'midzi ya Petauke ndi Nyimba kujambula anthu ali pa ntchito zamanja, kenako ankaonetsa zithunzizo pagulu ndi kupeleka mphoto kwa amene wakondweletsa oonelela.

Atate, a Daka, anali osula. Makasu ndi nkhwangwa za midzi yonse yozungulila zinkatuluka m'chipala chawo. Ankasula opanda malaya, atavala kabudula wazigamba, thukuta lili chuchuchu. Mvukuto wawo, wopemelela moto, unali wa chikopa cha mbuzi, wakuda bii ndi wonunkha.

Uthenga unabwela kuti a kanema adzajambula atate. Mudzi wonse unakondwa, kupatula ine. Ndinali mwana wa sukulu, wodziwa kuvala yunifomu. Ndinamva kuti filimuyo adzaionetsa ku boma, pamaso pa aphunzitsi ndi anzanga, ndipo ndinaona kale mmene adzasekele kabudula uja. M'mawa wa tsikulo ndinanyamula mvukuto n'kuukwilila pansi pa chimanga m'nkhokwe. Ndinkati akausowa adzavala jekete, aoneke ngati munthu wa dziko laufulu.

Galimoto inafika dzuwa litakwela. Wojambula anali a Mwape, a mtundu wa Chibemba, olankhula Chinyanja chopindika. Atate analowa m'chipala, anayang'ana pokhala mvukuto, anandiyang'ana ine kamodzi, basi. Kwathu mlendo saonetsedwa chisokonezo cha pakhomo. Atate sanafunse munthu, sanagubuduze katundu. Anakavala jekete, anatulutsila alendo mipando, nauza amai aphe nkhuku.

A Mwape anachondelela. Anati filimu imene anatsala nayo inali yochepa, ndipo anayenela kufika ku Nyampande dzuwa lisanapendeke. Anati sanabwelele jekete, anabwelela moto ndi nyundo. Atate anangoyankha kuti, "Lelo sindisula." Ine ndinali chiimile pafupi ndi nkhokwe. Masitepe asanu okha, ndikanautulutsa mvukuto uja. Sindinasunthe. A Mwape anapukusa mutu, anajambula atate atakhala pampando atagwila khasu, anadya nkhuku mothamanga, napita.

Patapita miyezi tinaitanidwa ku Petauke. Tinanyamuka wapansi m'mawa. Chionetselo chinali masana m'holo ya sukulu, mazenela atatsekedwa ndi masaka. Munali kutentha, fungo la thukuta ndi la mafuta a injini ikulila panja. Pansalu yoyela panaoneka msodzi akuluka mono, kenako anyamata akumanga nkhokwe. Ndiye atate. Ali neng'a pampando, jekete lomanga mabatani onse, khasu pamiyendo. Wina kumbuyo anafuula kuti a Daka akudikila basi ya ku Lusaka, holo yonse n'kufa nacho chiseko. Ndisanameze malovu, atate anali atachoka pansalu.

Pambuyo pawo panabwela mai wina wa ku Luembe akuumba mbiya, dongo mpaka m'zigongono, chitenje chong'ambika kuposa kabudula wa atate. Palibe anaseka. Anthu anaonelela mbiya ikukula m'manja mwake ali chete, ndipo itatha anaomba m'manja mpaka injini sinamvekenso. Mphoto inapita kwa iye. Inali wailesi. Mphunzitsi wanga, yemwe ndinkamuopa uja, ndiye anaomba kwambili.

Pobwelela atate anayenda patsogolo, jekete paphewa, mpaka tinaona mitengo ya kwathu. Ndiye anati, osacheuka, "Mvukuto ndinauchotsa m'chimanga madzulo omwe aja, mbewa zisanaudye. Unkati sindikudziwa?"

Ndinafunsa chifukwa chake sanandikalipile pomwepo, kuti asule. Anati sakanachititsa mwana wawo manyazi pamaso pa alendo. Sanandimenye. Bwenzi atandimenya. Chilimwe chonsecho, ndikaweluka kusukulu, ndinkavula yunifomu n'kugwada pa mvukuto mpaka mikono kuuma. Ndi mmene ndinaphunzilila kusula.

A Mwape analonjeza kuti adzabwelanso. Tinadikila. Galimoto iliyonse ikalila pamsewu ndinkathamangila kukaona. Zaka zinapita, chipani chinatsala chimodzi, makasu a m'sitolo anachuluka, maso a atate anachita khungu. A Mwape sanabwele. Ngati filimu ija ikali kwinakwake, ikuonetsa munthu wodikila basi. Manja amene ankapinda chitsulo ngati luzi palibe anawajambula, ndipo wolakwa ndine. Mpaka lelo ndimaganizabe za masitepe asanu aja.

Chaka chatha kunabwela achinyamata a bungwe lina lotelo, ndi tizipangizo tawo tokwana m'thumba, kufuna wosula wakale wa chionetselo chawo. Mdzukulu wanga wamkazi anathamangila kukasita shati yanga yopemphelela. Ndinamulola asite, chifukwa ndikudziwa chimene chinali mumtima mwake. Atamaliza ndinamuuza aipachike, abwele agwade pa mvukuto. Achinyamata aja anandijambula opanda malaya, nthiti zonse panja.